Kutsogolera sewero n'kukonzanso magetsi ake wekha: ntchito imeneyi ingamusunge munthu?

Nyali_yaBuluu
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ine pa zisudzo ndine waganyu, sindili pansi pa kampani iliyonse. Ndinayamba ndi kutsogolera masewero, koma poti magulu ang'onoang'ono sakhala ndi munthu wa magetsi, ndinaphunzira kupachika nyali, kuzilozetsa ndi kulemba ma cue (malangizo a nthawi ndi mmene kuwala kusinthire m'sewero). Pano anthu anadziwa kuti ndimatha zonse ziwiri, ndiye aliyense wondiitana akufuna zonse ziwiri pa malipiro a munthu mmodzi. Gulu lina landitumizira mgwirizano sabata ino, pamzere umodzi alembapo "dayirekita ndi zounikira", ndalama yake imodzinso. Kodi munthu angathe kukalamba nazo ntchito ziwirizi pamodzi, kapena ndisankhiretu imodzi nthawi ilipo? Nanga mgwirizanowu ndiuyankhe bwanji popanda kuoneka wamwano?

MkuluWaSiteji
Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe. Sankhani imodzi.

Gobo77
Aaa akulu, mwambi wokha basi? Mwana wafunsa mwaulemu, mufotokozereni.

MkuluWaSiteji
Chabwino. Masabata amene mukuyeserera m'chipinda, ntchito ziwirizi sizilimbana. Masana muli ndi osewera, usiku mujambula pulani ya nyali, zonse zikuyenda. Nkhondo imayamba tsiku limene mwalowa m'holo. Masiku awiri kapena atatu omalizawo dayirekita amayenera kukhala pakati pa mipando ya oonera, maso ndi makutu zili pa osewera: kodi mawu akufika kumbuyo, kodi wosewera uja bwanji wayamba kuthamangitsa mawu ake, kodi chovala chija chikumupinga poyenda. Pa nthawi yomweyomweyo wamagetsi amakhala ataweramira pa desiki yoyendetsera nyali, akutsitsa nyali iyi kufika pa 40 peresenti, akuwonjezera masekondi awiri pa cue inayo. Mukakhala nokha, mutu umapita ku manambala, chifukwa manambala ndi amene amafuna yankho pompopompo. Osewera amatsala okha pa nthawi imene mantha awagwira kwambiri. Ndaona masewero okongola m'maso koma osewera ake akungoyendayenda ngati asochera, ndipo ukafufuza upeza dayirekita anathera masiku omaliza pa desiki.

Chinanso, wamagetsi wabwino amakutsutsa. Amakuuza kuti mdima ukuufunawu wachuluka, oonera satha kuona nkhope. Mukakhala nokha, ganizo lililonse limene labwera m'mutu mwanu limaoneka labwino, poti palibe wolikana.

Nachisale_LX
Bambo MkuluWaSiteji, ndikukulemekezani, koma apa sindikuvomereza. Nanga malemu Robert Wilson wa ku America uja? Ankatsogolera masewero ake, kuwala kwake n'kumakukonza yekha, ndipo dziko lonse linkamudziwira kuwalako. Kwa iye kuwala sichinali chinthu chobwera pomaliza ngati utoto, chinali poyambira sewero. Pali anthu amene amaganiza sewero kudzera m'kuwala, ndipo kuwauza kuti asiye mbali imodzi ndi kuwadula dzanja.

MthunziWautali
Achemwali, Wilson yemweyo sanali yekha. Pa sewero la Einstein on the Beach, limene anapanga ndi wopeka nyimbo Philip Glass mu 1976, zounikira anagwira ndi Beverly Emmons, ndipo m'zaka zotsatira ankakhala ndi akatswiri ena a magetsi pambali pake. Ankapatsidwanso masiku ambiri ongokonza kuwala kokha, anthu ena ataima pa siteji m'malo mwa osewera. Mnzathuyu amupatsa masana amodzi ndi makwerero ogwedera. Si nkhani imodzi.

Nachisale_LX
Sindinati akhale Wilson. Ndikuti lamulo loti "sankhani imodzi" si lamulo.

Kafukufuku
Ndilowepo pang'ono ndi mbiri, chifukwa tikuyankhula ngati ntchito ziwirizi zinagawidwa kuyambira pachiyambi. Zonse ziwiri ndi zatsopano. Kale ku Ulaya sewero ankalitsogolera ndi wosewera wamkulu amene analinso mwini gulu, kapena wolemba sewero. Dayirekita amene amaima kunja n'kumayang'ana chithunzi chonse anayamba kudziwika ndi gulu la Georg II wa ku Saxe-Meiningen, limene linayendera mizinda ya ku Ulaya kuyambira 1874 mpaka 1890, ndipo Stanislavski, dayirekita wa ku Russia, anaphunzirako zambiri atalionera ku Moscow. Magetsi nawo analowa m'nyumba za zisudzo nthawi yomweyo: Savoy Theatre ya ku London inayatsa mababu a Joseph Swan mu 1881. Adolphe Appia wa ku Switzerland ndi amene analimbikira kunena kuti kuwala ndi mthunzi ziumbe thupi la wosewera, osangoti ziunikire nsalu zojambulidwa kumbuyo. Komabe kwa zaka zambiri magetsi ankakonza ndi wojambula siteji, kapena dayirekita pamodzi ndi mkulu wa amisiri a magetsi. Anthu ngati Jean Rosenthal, amene anagwira ntchito ndi dayirekita Orson Welles komanso katswiri wa magule Martha Graham, ndi amene anachititsa kuti wokonza kuwala akhale ndi dzina lakelake pa pulogalamu.

Chimene chinagawa ntchitozi ndi kukula kwa zida. Mu 1975 Tharon Musser analowetsa desiki ya kompyuta koyamba pa Broadway, dera la nyumba zazikulu za zisudzo ku New York, pa sewero la A Chorus Line. Mu 1986 kunabwera DMX512, njira imene desiki imalankhulirana ndi nyali, matchanelo 512 pa waya mmodzi. Lero nyali imodzi yoyenda yokha imatha kudya matchanelo 20 kapena 30. Pa zida zotere munthu mmodzi sangathe. Koma ngati holo ili ndi nyali 12 ndi desiki yokankha ndi zala, dayirekita wodziwa ntchito angathe bwinobwino. Ndiye funso si loti n'zotheka kapena ayi, koma kuti sewero lake ndi lalikulu bwanji.

Gobo77
Aphunzitsi afika, aliyense atulutse kope.

Kafukufuku
Mukawerenga mpaka kumapeto mupeza kuti ndili mbali yanu.

ChembereYaZisudzo
Mwana wanga Nyali_yaBuluu, anzanuwa akukangana za luso, ine ndikuuzani za pepala, chifukwa waganyu chimene chimamupha ndi pepala.

Musakane ntchitoyo, koma muwabwezere mgwirizanowo uli ndi mizere iwiri. Mzere wina kutsogolera sewero, ndalama yake. Mzere wina kukonza zounikira, ndalama yakenso. Ngati alibe ndalama zokwanira, mutha kuwachotsera, koma kuchotserako kulembedwe kuti kuoneke. Chifukwa chake ndi ichi: chaka chamawa akadzafuna wamagetsi wina, adzayang'ana bajeti ya chaka chino n'kupeza kuti magetsi sanadye kanthu, ndipo adzauza mnzanuyo kuti "uja anatichitira ulere". Mumakhala mwatsitsa mtengo wa ntchito yonse osadziwa.

Ndalama zisabwere zonse kumapeto. Njira imene ambiri amatsata ndi kugawa patatu: gawo loyamba posaina, lachiwiri tsiku loyamba kuyeserera, lachitatu usiku wotsegulira. Sewero likalephereka pakati, zimene munalandira ndi zanu, ndipo zimenezo zilembedwe. Alembenso kuti nyali zobwereka, ma gel (timapepala ta pulasitiki topatsa kuwala mtundu), mawaya ndi mayendedwe alipira ndani, chifukwa ukakhala wamagetsi anthu amaganiza kuti ubwera ndi nyali zako m'chikwama.

Ndiye pali nkhani ya kubwereza sewero. Ine gulu lina, sinditchula dzina, linatenga sewero limene ndinakonzera magetsi n'kuyenda nalo zaka ziwiri. Pulani yanga, ma cue anga, zonse zili m'desiki mwawo. Sanandipatse kalikonse, ndipo pa chikwangwani dzina langa linachoka, panalembedwa la mnyamata amene ankangodina batani. Nditafunsa anati munalipidwa kale. Choncho lembani kuti malipirowa ndi a masewero angati, ndipo akafuna kulibwereza kapena kuyenda nalo, mukambirananso. Ku America okonza kuwala ali mu bungwe la United Scenic Artists, madayirekita ali mu Stage Directors and Choreographers Society, ndipo zinthu ngati zimenezi zimakhala kale m'migwirizano yawo. Kumene kulibe bungwe lotere, bungwe lanu ndi cholembera chanu.

Za mwano musadandaule. Munthu amene wakhumudwa chifukwa mwapempha mizere iwiri pa pepala, ameneyo akanakuvutitsaninso pa tsiku lolipira.

Nyali_yaBuluu
Zikomo kwambiri mayi. Ya kubwereza sewero ija sindinaiganizepo n'komwe, ndipo gululi lanena kale kuti likufuna kudzayenda nalo.

Wamakwerero
Ndiwonjezereko chimodzi chimene aliyense amaiwala mpaka wina atagwa. Akukwera makwerero ndani? Ngati ndi inuyo, ndiye tsiku limene mwathyoka mwendo gulu lataya dayirekita ndi wamagetsi nthawi imodzi, ndipo inu waganyu mulibe tchuthi chodwala. Funsani ngati inshuwalansi ya gulu kapena ya holo ikukukhudzani. Nyali iliyonse yopachikidwa pamwamba pa anthu ikhale ndi kawaya kachitsulo kachiwiri koigwira, osadalira chopanira chokha. Ndipo muziwerengera mphamvu musanalumikize. Pa magetsi a 230V nyali ya 1000W imakoka pafupifupi ma amp 4.3, ndiye pa mzere wa ma amp 16 mungaikepo zitatu, yachinayi yadutsa malire. Anthu amangolumikiza mpaka waya atatentha. Moto wa ku Iroquois Theatre ku Chicago mu 1903 unayamba ndi nyali imene inayatsa nsalu ya pa siteji, ndipo anthu oposa 600 anafa. Malamulo ambiri a zitseko zothawira amene timaona ngati ovuta lero anachokera ku ngozi ngati imeneyo. Munthu wotopa amene wakhala ndi osewera tsiku lonse kenako n'kukwera makwerero pakati pa usiku, ameneyo ndi amene amaiwala kawaya kaja.

Gobo77
Achimwene, za ma amp izi ndi za makedzana. Masiku ano ndi LED, nyali 20 pa soketi imodzi, sizitentha kwambiri, mtundu ukusintha pa desiki popanda kukwera kukasintha gel. Ndi chifukwa chake munthu mmodzi angathe zonse. LED inathetsa nkhani.

Nachisale_LX
Inathetsa nkhani ya bilu ya magetsi, koma inabweretsa ina. Mudayamba mwaunikirapo wosewera wa khungu lakuda ndi LED yotchipa ija ya mitundu itatu, yofiira, yobiriwira ndi ya buluu? Mukasakaniza mitundu itatuyo maso amaona zoyera, koma kuwalako kuli ndi mipata, mitundu yapakati mulibemo. Khungu lathu lili ndi kufiirira ndi golide mkati mwake, ndipo kuwala kukasowa mitundu imeneyo nkhope imatuwa ngati munthu akudwala, nthawi zina imaoneka yobiriwira. Babu yakale ya tungsten ili ndi mitundu yonse, ndipo ukaitsitsa imapita kofiirira, khungu n'kumaoneka lamoyo. LED yabwino ilipo, ya mitundu isanu kapena isanu ndi iwiri, yokhala ndi amber ndi lime, koma mtengo wake si wa gulu limene likulephera kulipira anthu awiri.

MthunziWautali
Apa ndiye tagwirizana achemwali. Ndiponso mabuku ambiri ophunzitsa zounikira analembedwa poganizira nkhope zoyera. Njira ya Stanley McCandless ya mu 1932 ija, nyali ziwiri kutsogolo pa madigiri 45, ina ya mtundu wofunda ina wozizira, imagwira ndithu, koma mitundu yotuwa imene amalimbikitsa kawirikawiri siikomera khungu lakuda. Ine ndimadalira kwambiri kuwala kochokera m'mbali ndi kumbuyo, kuti mapewa ndi mutu zisiyane ndi nsalu yakuda yakumbuyo. Ndipo anthu amalakwitsa poganiza kuti wakuda amangofunika kuwala kochuluka. Ukachulutsa, malaya oyera amawala mpaka kuphimba nkhope. Nkhani ndi mtundu ndi kumene kuwala kukuchokera. Muziyesa gel pa nkhope ya wosewera weniweniyo atavala chovala chake, osati pa dzanja lanu kapena pakhoma.

Gobo77
Ine ndimagwiritsa LED tsiku lililonse ndipo palibe anadandaulapo.

Nachisale_LX
Oonera sadandaula, amangoti wosewera uja anaoneka wotopa.

Wamakwerero
Ndipo achimwene Gobo77, nyali 20 pa soketi imodzi musamaphunzitse ana zimenezo. LED imakoka mphamvu yambiri pa kamphindi koyatsa, ndipo wopanga aliyense amalemba kuti mungalumikize zingati pa mzere umodzi. Werengani kabuku kake.

Tsabola
Mwayamba kukangana za mababu, funso la mwana mwalisiya.

MlondaWaDesiki
Ndibwezeretse nkhani ndine. Ine ndine stage manager, ndiye amene ndimatsala ndi sewero nonsenu mukapita. Waganyu ntchito yake imatha usiku wotsegulira, m'mawa mwake ali kale pa ntchito ina. Chimene amandisiyira ndi chimene ndimayendetsera sewero mpaka litatha.

Ndagwirapo ndi anthu ochita zonse ziwiri, ndipo vuto lawo ndi limodzi: zonse zili m'mutu mwawo. Dayirekita ndi wamagetsi akakhala anthu awiri, amakakamizika kulankhulana, ndipo polankhulanapo zinthu zimalembedwa, ine n'kumamva. Akakhala munthu mmodzi, amangodziwa yekha kuti magetsi azime mayi uja akatembenuka, koma sananene kwa aliyense kuti akatembenuka liti, poti m'chigawo chimenecho amatembenuka katatu. Wina anandisiyira desiki yokhala ndi ma cue opanda mayina, manambala okhaokha, iye n'kukwera ndege. Nyali imodzi itapsa sitinadziwe kuti inkaloza pati.

Ndiye ngati muchite zonse ziwiri, mundisiyire pulani yosonyeza nyali iliyonse pamene yapachikidwa, nambala yake ya tchanelo ndi gel yake. Mundisiyire pepala la kumene nyali iliyonse ikuloza, ndi zithunzi za pafoni zingathandize. Ma cue alembedwe m'buku la sewero, pa liwu lenileni kapena pa kachitidwe kenikeni, osati "chapakati pa tsamba". Fayilo ya desiki ikhale ndi kope lachiwiri pa flash. Ndipo chonde, sewero likatsegulidwa musamabwere kudzasintha ma cue mwakachetechete madzulo ine osandiuza. Amene amachita zimenezi kawirikawiri ndi madayirekita odziwa desiki, poti palibe wowaletsa.

MkuluWaSiteji
Mwamva? Si ine ndekha.

MlondaWaDesiki
Bambo, sindinati asiye. Ndati alembe.

Tsabola
Ine ndinena zimene ena akuopa kunena. Ntchito imeneyi siisunga munthu, kaya imodzi kaya ziwiri. Mu March 2020 nyumba za zisudzo zinatsekedwa, masewero ambiri a pa Broadway sanayambirenso mpaka September 2021. Ku Britain, kumene anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse ogwira ntchito za zisudzo ndi aganyu, ambiri anatsala opanda kalikonse, ena anachokeratu osabwereranso. Ngati zinatero kumene kuli ndalama, kulibwanji kwina? Pezani ntchito yolipidwa pamwezi, zisudzo zikhale za Loweruka.

Nachisale_LX
Ndiye tonse tikatero masewero azipanga ndani?

Tsabola
Amene ali ndi makolo olemera, ngati mmene zilili kale.

ChembereYaZisudzo
A Tsabola sakunama kwenikweni, koma akuona mbali imodzi. Ndipo apa ndi pamene ndikusiyana ndi bambo MkuluWaSiteji. Tikusakaniza mafunso awiri. Kuchita ntchito ziwiri pa sewero limodzi ndi nkhani ina. Kukhala ndi maluso awiri pa moyo wako wa uganyu ndi nkhani inanso.

Taonani mmene nthawi imayendera. Kutsogolera sewero limodzi kumadya miyezi: kuwerenga, kusankha osewera, kukambirana ndi wojambula siteji, masabata oyeserera, ndipo nthawi yonseyo sungagwire ntchito ina yaikulu chifukwa uyenera kupezeka m'chipinda tsiku lililonse. Dayirekita waganyu akachita masewero atatu kapena anayi pa chaka ndiye kuti chaka chamuyendera. Wamagetsi amapita koyeserera kangapo kukaona, amajambula pulani kunyumba, kenako amalowa m'holo sabata imodzi. Angathe ntchito zambiri pa chaka. Komanso magetsi safunika pa zisudzo pokha. Magule, makonsati a oimba, misonkhano ya makampani, zionetsero za zovala, zonsezo zimafuna munthu wodziwa desiki, ndipo zina zimalipira bwino kuposa sewero. Ine zaka zimene palibe anandiitana kudzatsogolera sewero, magetsi ndi amene anandidyetsa. Kutsogolera kunkandipatsa dzina, magetsi ankalipira lendi.

Pali phindu linanso limene anthu salitchula. Wamagetsi amakhala m'chipinda cha madayirekita ena n'kumaona mmene amagwirira ntchito. Dayirekita wamba saona mnzake akugwira ntchito, aliyense ali m'chipinda chake. Ine zambiri zimene ndimadziwa za kulankhula ndi osewera ndinaziphunzira nditakhala chete pa desiki, ndikuona ena akuchita bwino ndi ena akuwononga.

Ndiye mwana wanga, maluso onse awiri asungeni. Chimene muyenera kusankha mosamala ndi sewero limene mungavomere kuchita zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndipo ndalama za mwezi wabwino muzipatulako za msonkho ndi za miyezi youma tsiku lomwe zalowa, chifukwa palibe bwana wokudulirani.

MkuluWaSiteji
Mayi, pa zimenezo sinditsutsa. Koma ndichenjezeko. Anthu akakuzolowera pa desiki amaiwala kuti umatsogoleranso. Ndikudziwa anthu aluso amene analowa m'magetsi kuti apeze ya sopo, zaka khumi n'kudutsa palibe wowapatsa sewero, poti m'maso mwa olemba ntchito iwo ndi "uja wamagetsi". Dzina limamatirira.

ChembereYaZisudzo
N'zoona. Mankhwala ake ndi kusalola chaka kutha osatsogolera kanthu, ngakhale kasewero ka anthu awiri m'kachipinda. Ndiponso muzikhala ndi ma CV awiri osiyana. Wofuna dayirekita mum'tumizire ya udayirekita, asayambe kuwerenga za ma dimmer, zida zotsitsira kuwala.

Kansalu
Pepani kulowerera, ine ndine wosewera chabe. Ndaseweramo m'sewero limene dayirekita analinso wamagetsi. Zabwino zake zinali zoti kuyambira sabata yoyamba ankatiuza kuti apa padzakhala mdima, iwe udzaima m'kamzere ka kuwala kochokera kumanzere, ndiye tinkayeserera tikudziwa. Sitinadzidzimuke titalowa m'holo. Zoipa zake ndi zimene anena bambo aja. Tsiku lomaliza ndinamufunsa za chigawo china chimene chinkandivuta, anandiyankha maso ali pa desiki kuti "ima pomwepo, usasunthe". Ndinaima mphindi zambirimbiri ngati mtengo wopachikapo nyali. Funso langa silinayankhidwe mpaka sewero linatsegulidwa.

Gobo77
Koma kuwala kunali bwino?

Kansalu
Kunali bwino kwambiri. Ine ndi amene sindinali bwino.

MthunziWautali
Pali malo amodzi amene munthu wa maluso awiri amapambana onse, ku zikondwerero za zisudzo. Ku Edinburgh Fringe, imene inayamba mu 1947, chipinda chimodzi chimalandira masewero ambiri pa tsiku, lina likutuluka lina likulowa, mphindi zochepa pakati. Nyali ndi za onse, simuloledwa kuzisuntha, mwina akupatsani imodzi kapena ziwiri zanuzanu. Nthawi yokonza ma cue ndi maola ochepa basi. Ku National Arts Festival ya ku Makhanda ku South Africa magulu a pa Fringe yakumeneko amakumananso ndi zofanana. Pamenepo dayirekita amene amadziwa kuwerenga pulani ya holo asanafike, n'kusintha mayendedwe a osewera kuti agwirizane ndi nyali zimene zilipo, amapulumutsa gulu lonse. Ndipo tikiti ya ndege ya munthu mmodzi yapulumuka.

Tsabola
Tikiti yapulumuka, koma ndalama yake yapita m'thumba la ndani? Osati la mwanayu.

Nachisale_LX
Apa a Tsabola mwalasa.

Kafukufuku
Njira yapakati ilipo, ndipo ndi imene nyumba zazikulu zimatsata ngakhale wokonza kuwala ali payekha. Wokonza kuwala sagwira desiki. Amakhala pa tebulo pakati pa holo n'kumalankhula, wina amene timamutcha programmer ndi amene amadina. Ndiye Nyali_yaBuluu, ngati mukufuna kuganiza kuwala nokha, ganizani, jambulani pulani, sankhani mitundu. Koma pa masiku a m'holo pemphani munthu wa pa desiki ndi wina wokwera makwerero. Inu mukhale pa mpando wa oonera, maso ali pa siteji, muzingonena kuti tsitsani yakumbuyo pang'ono. Mukatero mukuona osewera ndi kuwala nthawi imodzi, mmene woonera adzaonere. Pemphaninso kuti tsiku lolozetsa nyali ndi kulemba ma cue likhale losiyana ndi tsiku la osewera, kuti a Kansalu asadzaimenso ngati mtengo.

MkuluWaSiteji
Imeneyo ndingaivomere, bola munthu wa pa desikiyo akhale wolimba mtima wotha kunena kuti apa mwalakwitsa. Asakhale mwana wongodina.

Nyali_yaBuluu
Ndabweranso akuluakulu. Ndawalembera a gulu lija monga munandilangizira. Ndagawa mizere iwiri, ndaika malipiro patatu, ndalemba za kubwereza sewero, ndipo ndapempha munthu wa pa desiki masiku atatu omaliza. Ayankha msanga. Mizere iwiri avomera, ngakhale ndalama ya magetsi ndi yochepa. Kugawa patatu avomera. Za kubwereza ati akambirana kaye ndi komiti yawo. Koma munthu wa pa desiki akana, ati bajeti ilibe, ngati ndikumufuna ndimulipire kuchokera pa ndalama yanga ya magetsi. Ndikamulipira bwino, ya magetsiyo itsala pang'ono kutheratu. Seweroli lili ndi osewera asanu ndi awiri, holo ili ndi nyali pafupifupi 30, zosakaniza zakale ndi LED.

Gobo77
Nyali 30 ndi zochepa, gwirani nokha musunge ndalama.

Kansalu
Osewera asanu ndi awiri si ochepa.

MlondaWaDesiki
Funsani kaye ngati holoyo ilibe mmisiri wake. Maholo ambiri amabwereketsa chipinda pamodzi ndi munthu wawo wa magetsi kwa maola angapo, ndipo gulu limakhala lalipira kale osadziwa. Ngati alipo, pitani mukamuone sabata isanafike, mum'patse pulani, mumufunse kuti desiki yawo ndi ya mtundu wanji. Ambiri amasangalala akapatsidwa ulemu wotere.

ChembereYaZisudzo
Akapanda kupezeka, musalipire masiku atatu. Lembani ma cue nokha tsiku limene osewera kulibe, kenako mulipire munthu wa tsiku limodzi lokha, loyeserera komaliza ndi zovala, kuti tsiku limenelo mukhale ndi osewera anu. Ndipo za komiti zija musasaine zisanabwere polemba. "Tikambirana" sindiye yankho.

Tsabola
Ndipo akakana?

ChembereYaZisudzo
Akakana alembe kuti malipirowa ndi a masewero a m'holo imeneyi okha, masiku ake atchulidwe. Fayilo ya desiki ndi pulani zikhale za Nyali_yaBuluu. Akadzafuna kuyenda nalo adzamufuna okha.

Wamakwerero
Nyali_yaBuluu, tumizani mndandanda wa nyali za m'holomo ndi kutalika kwa denga. Ngati zakalezo zili nyali za mtundu wa Fresnel ndi wa profile, ziikeni pa nkhope, LED zipite kumbuyo ndi pa nsalu. Ndikuwerengerani ma amp madzulo ano ndikaweruka.